Kodi chimangirizo cha mtsutso cha filosofi tizichichonga potengera chiyani?

Mphunzitsi Watsopano, Area 25

Akuluakulu ndi anzanga a pabwalo lino, ndabwera kudzapempha nzeru. Chaka chino ndayamba kuphunzitsa filosofi ya makhalidwe kwa ophunzira a chaka choyamba pa koleji ina yomwe si ya boma kuno ku Lilongwe, ndipo sabata yatha ndinalandira zimangirizo 64 zoti ndichonge. Funso limene ndinawapatsa linali lakuti: kodi chilango cha imfa chimagwirizana ndi umunthu? Ndinalisankha chifukwa nkhaniyi ndi yathu yomwe. Chilangochi chikadali m'malamulo a dziko lino ngakhale kuti munthu womaliza ananyongedwa mu 1992, ndipo mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linagamula kuti woweruza asamakakamizidwe kupereka imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, koma aziyamba waona mmene zinthu zinayendera.

Zimangirizo ziwiri zandisowetsa tulo. Choyamba ndi cha mtsikana amene Chingerezi chake n'chosalala kwambiri. Walemba masamba asanu ndi atatu. Wafotokoza molondola kuti Kant, katswiri wa filosofi wa ku Germany, ankaona kuti wopha mnzake ayenera kufa chifukwa chilango chiyenera kulingana ndi mlandu, wafotokozanso kuti Beccaria wa ku Italy anatsutsa chilangochi kalekale mu 1764, ndipo wawonjezera zimene Mbiti wa ku Kenya analemba zakuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake. Palibe chimene walakwitsa pa zonsezi. Koma pomaliza wangonena kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka, choncho aliyense asankhe yekha malinga ndi chikhulupiriro chake.

Chachiwiri ndi cha mnyamata amene walemba masamba anayi okha. Chingerezi chake n'chothyokathyoka ndipo buku limene watchula ndi limodzi. Iye wayamba ndi mwambi wathu wakuti kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Kenako wanena kuti ngati munthu amaumbidwa ndi mudzi, ndiye kuti wakuphayo anaumbidwanso ndi mudzi womwewo, ndipo mudziwo sungamuphe ngati kuti anachita kugwa kuchokera kumwamba. Atatero wadzifunsa yekha kuti, nanga wophedwayo sanali wa mudzi womwewo? Funso limeneli wayesa kuliyankha m'ndime imodzi.

Fomu yochongera imene koleji inatipatsa imagawa malikisi m'magawo anayi ofanana: zimene wophunzira akudziwa, kasanjidwe ka ndime, chiyankhulo, ndiponso kusonyeza mabuku amene wagwiritsa ntchito. Ndikatsata fomuyi, mtsikana akupeza 81 ndipo mnyamata akupeza 54. Mtima wanga ukukana, chifukwa ndikuona kuti amene wachita filosofi ndi mnyamatayo. Koma ndiulule chinthu chimodzi: ineyo ndimadana nacho chilango cha imfa, ndipo ndikuopa kuti mwina ndikumukondera chifukwa wafika pamene ine ndaima. Kodi inu amene mwakhalitsa pantchitoyi mumatengera chiyani?

Mphunzitsi Wopuma, Area 47

Aphunzitsi, mwachita bwino kuulula za mtima wanuzo, pakuti ambiri a ife tinachonga zaka zambiri tisanavomereze kuti vuto limeneli lilipo. Ndikuuzeni mmene ndinkachitira ndisanapume pantchito.

Ulendo woyamba ndinkawerenga chimangirizo chonse cholembera chili patebulo, osachigwira. Ndikamaliza ndinkatenga kapepala kapadera n'kuyesa kulemba mafupa a mtsutsowo m'mizere itatu kapena inayi: wophunzirayu akunena kuti chiyani, zifukwa zake ndi ziti, ndipo zifukwazo zikumufikitsa kuti. Ngati ndalephera kulemba mizere imeneyi pambuyo powerenga kawiri, ndinkadziwa kuti m'chimangirizomo mulibe mtsutso, kaya chikhale chokongola chotani. Yesani pa cha mtsikanayo. Mupeza kuti mwalemba "Kant anati", "Beccaria anati", "Mbiti anati", koma palibe pamene mwalemba liwu lakuti "choncho" lochokera kwa mwiniwakeyo. Filosofi imakhala pa liwu limenelo. Iye wathawira mapanga awiri, ndipo akulu anatiuza kale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Sindikutanthauza kuti wophunzira aliyense ayenera kugwa mbali imodzi. Munthu angathe kunena kuti funso silingayankhidwe, koma zikatero mawu akuti silingayankhidwewo ndiwo mfundo yake, ndipo ayenera kuiteteza ndi zifukwa monga mmene akanatetezera ina iliyonse. Kungoti aliyense asankhe yekha n'kubweza funso kwa amene anafunsa. Komabe musamulepheretse. Kumvetsa molondola zimene ena ananena ndiwo maziko, ndipo ophunzira ambiri a chaka choyamba safika ngakhale pamenepo.

Tsopano cha mnyamatayo. Mafupa ake ndikuwaona chonchi, potengera zimene mwafotokoza. Umunthu umati munthu amaumbidwa ndi mudzi. Woumba amatengako gawo la mlandu wa chimene waumba. Amene ali ndi gawo pa mlandu alibe mphamvu yopha mnzake wa mlandu womwewo. Choncho mudzi sungapereke imfa. Umenewu ndi mtsutso weniweni, ndipo chifukwa chakuti ndi weniweni, ungathe kuyesedwa. Pali mafunso awiri amene sayenera kusakanizidwa, ndipo kusiyana kwake kunayamba kuonekera kale m'zolemba za Aristotle, katswiri wamakedzana wa ku Greece. Loyamba ndi lakuti, zifukwazi zitakhala zoona, kodi mathero akutsatira mosakakamiza? Lachiwiri ndi lakuti, kodi zifukwazo n'zoonadi? Ophunzira anga ndinkawapatsa chitsanzo cha nthiwatiwa: mbalame zonse zimauluka, nthiwatiwa ndi mbalame, choncho nthiwatiwa imauluka. Kamangidwe kake kalibe chilema, koma mzati woyamba ndi wofumbwa, ndipo nyumba yonse ikugwa.

Mzati wofumbwa wa mnyamata wanu ndi wachitatu. Ngati mudzi ulibe mphamvu yopha chifukwa uli ndi gawo pa mlandu, nanga mphamvu yotsekera munthu ku ndende ya Maula ukuitenga kuti? Nanga mfumu ikulipitsa mbuzi ndi mphamvu yanji? Mtsutso wake ukamugwirira ntchito pa imfa, ukugwetsanso zilango zonse, ndipo sindikukhulupirira kuti iye amafuna zimenezo. Chimene anafunika kusonyeza n'chakuti imfa ikusiyana pati ndi zilango zinazo. Akanatha kunena, mwachitsanzo, kuti wam'ndende angathe kubwerera kumudzi n'kuumbidwanso, pamene wakufa sabwerera. Bwererani ku chimangirizocho mukaone ngati mfundo imeneyi waikhudza. Ngati sanaikhudze, ndiye kuti wadzifunsa funso limodzi labwino, la wophedwa uja, koma funso lovuta koposa walizemba, ndipo sayenera kufika pa malikisi apamwamba kwambiri.

Za kuchepa kwa masamba musadandaule nazo. Mu 1963 Edmund Gettier, katswiri wa filosofi wa ku America, analemba masamba atatu okha otsutsa ganizo lakuti kudziwa ndiko kukhulupirira chinthu choona uli ndi zifukwa zokwanira, ndipo anthu akukambirana masamba atatuwo mpaka lero.

Pa za kukondera, mankhwala amene ndinawapeza ndi awa. Fufuzani mumulu wanuwo chimangirizo chabwino koposa mwa zimene zikuvomereza chilango cha imfa, muchiike pambali pa cha mnyamatayo, ndipo muzifunse mafunso ofanana ndendende. Kumene mukugwirizana nako n'kumene muyenera kukhwimitsa dzanja, chifukwa mpata umene uli mu mtsutso umene munthu akuukonda amaudzaza yekha ndi maganizo ake osazindikira, n'kupatsa wophunzira malikisi a zimene sanalembe.

Mayi wa ku Kawale

Bambo Wopuma, ndawerenga mawu anu mwaulemu wonse ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma ndiloleni ndimuimire mtsikanayo, chifukwa ana otere amachokera m'manja mwathu. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi ku sekondale. Mwana ameneyu wakhala zaka zinayi akukonzekera mayeso a MSCE, kumene satifiketi siituluka ngati sanakhoze Chingerezi, ndipo kumene amapindula ndi amene wabweza mwadongosolo zimene anapatsidwa m'kalasi. Kunyumba nako analeredwa kuti mwana satsutsa akulu. Lero wafika ku koleji, wapatsidwa mayina akuluakulu a akatswiri, ndipo wachita chimene ankayamikiridwa nacho moyo wake wonse: wawalemekeza onse osakhumudwitsa ngakhale mmodzi. Kodi pali amene anamuuza momveka kuti pano akufunika kuima payekha n'kunena kuti Kant analakwitsa apa?

Funso langa kwa Aphunzitsi Atsopano ndi limeneli. Kodi ophunzira anaiona fomu yochongerayo asanalembe? Ngati anaiona, ndiye kuti ndi pangano. Mtsikanayo anawerenga kuti gawo limodzi mwa anayi ndi la chiyankhulo, lina ndi la mabuku, ndipo anathera masiku mulaibulale kukwaniritsa zimenezo. Simungasinthe muyeso chimanga chitalowa kale pasikelo. Ndikuvomereza kuti fomuyo ndi yoipa, chifukwa mulibe malo a mtsutso weniweniwo ngakhale pang'ono, ndipo ikuoneka kuti inalembedwa kuti igwire ntchito pa maphunziro onse, kuyambira zaulimi mpaka zamalonda. Koma malo oikonzera ndi kumsonkhano wa dipatimenti, osati pa pepala la mwana mmodzi usiku kunyumba kwanu.

Pa za Chingerezi ndili ndi maganizo awiri amene ndakhala ndikuwasiyanitsa pantchito yanga. Pali zolakwa zimene zimangopweteka maso, monga kusokoneza "he" ndi "she", zomwe ana athu amachita kawirikawiri chifukwa m'Chichewa timangoti "iye" kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe. Zimenezi zisamamudyere mwana malikisi ambiri pa phunziro la filosofi, makamaka tikakumbukira kuti ambiri a m'sukulu za boma amayamba kumva maphunziro onse m'Chingerezi atafika kale Sitandade 5, pamene anzawo a m'sukulu zolipira anayambira kumkaka. Koma pali zolakwa zina zimene zimasintha ganizo. Mwana akalemba "because" pamene amafuna "therefore", watembenuza mtsutso wake mutu pansi. Akalemba "all" pamene amafuna "some", wanena chinthu chimene sangachiteteze. Pamenepo vuto silikhalanso la galamala, ndipo wochonga sayenera kumulotera zimene ankafuna kunena. Choncho mnyamatayo musamukhululukire zonse m'dzina la chifundo. Werengani mosamala muone kuti zolakwa zake zili m'gulu liti.

Wophunzira Wakale, Area 18

Ine si mphunzitsi, koma ndinakhalapo mbali inayo ya cholembera chofiira. Ndili ku koleji tinapatsidwa funso la mkangano wa pakati pa akatswiri awiri a filosofi a kuno ku Africa, Ifeanyi Menkiti ndi Kwame Gyekye. Menkiti ankati umunthu si chinthu chobadwa nacho, munthu amachita kuupeza pang'onopang'ono pamene akukula ndi kutenga udindo pakati pa anzake, ndipo angathe kulephera kuupeza. Gyekye ankati maganizo amenewa apitirira muyeso, chifukwa munthu ali ndi ulemerero ndi ufulu wake ngakhale mudzi usanamuvomereze. Mphunzitsi wathu anali wa mbali ya Menkiti ndipo aliyense ankadziwa. Ine ndinalemba kuti ganizolo likulephera kufotokoza chifukwa chake timalira maliro a mwana wamng'ono ndi mtima wonse, komanso chifukwa chake sitinena kuti munthu wodwala misala wasiya kukhala munthu. Pepala linabwera ndi malikisi otsika, ndipo ndemanga yake inali mawu atatu okha onena kuti sindinamvetse phunzirolo.

Mpaka lero chimene chimandiwawa si malikisiwo, koma kuti sindinauzidwe pamene mtsutso wanga unathyokera. Mwina unalidi wofooka. Wina wa mbali ya Menkiti akanatha kundiyankha kuti mwambo wa maliro a khanda umasiyana ndi wa munthu wamkulu m'midzi yambiri, ndipo yankho limenelo likanandiphunzitsa kanthu. Pempho langa kwa Aphunzitsi Atsopano n'lakuti malikisi alionse amene mupereke, mulembe pansi pake chiganizo chimodzi choloza ndime yeniyeni pamene zinthu zayenda bwino kapena zasokonekera. Ndikupemphanso kuti ophunzira azilemba nambala yawo yokha m'malo mwa dzina, ndipo mapepala amene mukukayika muzipatsa mnzanu wachiwiri awachonge asanaone malikisi anu. Mutu umodzi susenza denga.

Mphunzitsi Wopuma, Area 47

Amayi a ku Kawale, pa nkhani ya pangano mwandikonza ndipo ndavomera. Ndinalankhula ngati munthu amene anali ndi ufulu wolemba yekha ndondomeko yochongera, ndipo ndinaiwala kuti mnzathuyu anachita kupatsidwa. Ngati ophunzira anaiona fomuyo, aitsate ulendo uno.

Komabe ngakhale mkati mwa fomu yoipayo muli malo opumira. Gawo la zimene wophunzira akudziwa lisatanthauze kuchuluka kwa mayina amene watchula. Funso linali lakuti "kodi chimagwirizana?", ndipo amene sanayankhe funsolo sangatenge malikisi onse a gawo limenelo, pa phunziro lililonse. Gawo la kasanjidwe nalonso lisangoona ngati pali mawu oyamba, thunthu ndi mawu omaliza. Lione ngati ndime iliyonse ikunyamula inzake. Ine ndinkayesa posinthanitsa ndime ziwiri m'maganizo: ngati ndingachotse ndime ya Beccaria n'kuiika patsogolo pa ya Kant popanda chilichonse kuwonongeka, ndiye kuti ndimezo zangoyandikana ngati matumba m'nkhokwe, sizikumangana. Kuchonga motere si kusintha muyeso, ndi kuwerenga mawu a fomuyo mogwirizana ndi funso limene linafunsidwa, ndipo mungathe kukufotokoza pamaso pa wochonga wochokera kunja popanda manyazi.

Chaka chamawa, mukapatsidwa mpata wolemba fomu yanu, dziwani kuti ine ndinkapereka pafupifupi theka la malikisi ku mtsutso weniweniwo pamodzi ndi mmene wophunzira wayankhira wotsutsa, gawo lalikulu la otsalawo ku kumvetsa molondola zimene wawerenga, ndipo ochepa okha ku chiyankhulo ndi mabuku. Pa za wotsutsa ndinali wouma mtima. Ophunzira ambiri amasankha mdani wofooka, kumuimika, n'kumugwetsa ndi chala chimodzi. Wina amalemba kuti ofuna chilango cha imfa ndi anthu ankhanza okonda magazi, n'kuganiza kuti wapambana. Ameneyo sanakumane ndi mayi amene mwana wake anaphedwa, yemwe akunena kuti moyo wa mwana wakewo ukupeputsidwa ngati wakuphayo akudya nsima tsiku ndi tsiku. Ndinkawauza kuti afotokoze mbali imene akuitsutsa mwa njira yakuti mwiniwake atamva avomereze kuti ndi zimenedi amakhulupirira. Pabwalo la amfumu, nduna imene yabwereza mawu a wodandaula mopotoza imadzudzulidwa nthawi yomweyo, mlandu usanapite patsogolo.

Mlongo wa ku Likuni

Ndiwonjezereko chinthu chimodzi chimene sichinatchulidwe. Masiku ano chimangirizo chosalala, chofotokoza mbali zonse mofanana n'kutha popanda kusankha, ndi mtundu womwewo umene mapulogalamu monga ChatGPT amatulutsa mosavuta. Sindikunena kuti mtsikanayo anachita zimenezo, ndipo kungakhale kulakwa kwakukulu kumuganizira popanda umboni. Ndikungonena kuti fomu imene imalipira kusalala ndi kuchuluka kwa mayina ikulipira zinthu zimene foni ingathe kupanga m'kanthawi kochepa. Kumene ndimathandiza kuphunzitsa timaitana wophunzira aliyense kwa mphindi zisanu n'kumufunsa funso limodzi lochokera m'chimangirizo chake, ndipo timamulola kuyankha m'Chichewa ngati akufuna. Amene analemba yekha amayankha ngakhale mojejema, ndipo kawirikawiri amanena zakuya kuposa zimene zili papepala.

Mphunzitsi Watsopano, Area 25

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu Bambo Wopuma ndi inu Amayi a ku Kawale. Ndayamba ndachita zimene munandilangiza ndisanabwerere kuno.

Amayi, ophunzira anaionadi fomuyo, chifukwa ili m'kabuku kamene amalandira kumayambiriro kwa chaka. Choncho ndaitsata, koma ndawerenga magawo awiri oyamba monga mmene Bambo Wopuma afotokozera, ndipo ndachonganso mapepala onse 64 kuyambira pachiyambi kuti muyeso ukhale umodzi kwa aliyense. Mtsikanayo watsika kufika pa 68. Pansi pake ndamulembera kuti amamvetsa bwino kwambiri zimene wawerenga, ndipo ndamuloza ku tsamba lake lachisanu, pamene analemba yekha kuti Kant sakufunsa za mmene wakuphayo analeredwera, koma n'kuisiya mfundoyo osaitsata. Pamenepo ndi pamene chimangirizo chake chikanayambira.

Cha mnyamatayo ndinachiwerenga ndi funso la ndende ya Maula m'mutu, ndipo ndapeza kuti sanalikhudze n'komwe. Ndapezanso kuti m'ndime yoyankha za wophedwa analemba kuti anthu onse opha anzawo anakulira m'mavuto, chinthu chimene sangathe kuchitsimikiza ndiponso chimene mtsutso wake sunkachifuna. Ulendo woyamba zonsezi sindinazione. Komabe, chifukwa choti anayankha funso ndipo ndime zake zikumangana, wakwera kufika pa 63.

Chimene chandidabwitsa ndi pepala lachitatu, limene poyamba ndinalipatsa 60 n'kulidutsa mwachangu. Wolembayo akuvomereza chilango cha imfa. Akuti kunena kuti mudzi ndiwo unaumba wakupha n'kumulanda munthuyo udindo wa zochita zake, ndipo kumulanda udindo n'kumuyesa kanyama, pamene umunthu umafuna kuti timuyese munthu wokwana amene anasankha. Kenako wavomereza yekha kuti khoti lingathe kulakwitsa ndipo wonyongedwa sabwezedwa, n'kunena kuti vuto limeneli ndi lalikulu moti chilangocho chingakhale choyenera m'ganizo koma chosayenera kuperekedwa ndi makhoti amene angathe kulakwa. Sindikugwirizana ndi chiyambi chake, koma ndalephera kupeza pamene mtsutso wake wathyokera. Ndamupatsa 76, ndipo mapepala atatuwa ndawapereka kwa mnzanga wa mu dipatimenti, mayina ndi malikisi nditaphimba, kuti awachonge payekha. Nkhani ya fomu ndaipempha kuti ikhale pa mndandanda wa zokambirana pamsonkhano wathu wa kumapeto kwa teremu. Bambo Wopuma, ngati mukadasunga ndondomeko imene munkagwiritsa ntchito, ndingakondwe kuiona msonkhanowo usanachitike.